Maliro a Bere Langa

Lolemba, 9 Okutobala

Andigoneka lero. Mwana wanga Ilham wandigulira kope ili kuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, ati ndikachita mantha makutu anga amatseka. Sakunama. Ine Shamsiya, amene ndimakalipira anyamata onyamula mabelo a zitenje ku City Market muno mu Lusaka mpaka kupepesa, lero nesi wandifunsa zaka zanga ine n'kumuuza nambala ya bedi.

Wodi ya azimayi, bedi la pawindo. Atenga magazi, ajambula chifuwa, andimata timawaya pamtima. BP ndi yokwera, andipatsa kapilitsi koyera.

Dokotala wanga ndi mayi wochepa thupi, dzina lake Mutale. Akuti Lachinayi achotsa bere lonse lakumanzere pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Amalankhula Chinyanja cha kuno, chothamanga, ndiye ndalemba mmene ananenera:

"Ba Shamsiya, mvelani bwino. Tikachosa sititaya iyai. Tizaika mu bucket na mankhwala, ba family bapeleke ku lab ku Woodlands, ndaba lab yathu ya muno ichedwa maningi. Ni mwamene tizaziba ngati cancer yasila olo yayenda, na mankhwala yamene muzafunika."

Ndiye kuti yankho la moyo wanga lili m'bere lomwelo. Akaliyeza ndi pamene adzadziwe ngati nthenda yatha kapena yatsala m'thupi, ndi chithandizo chondiyenera. Ndamva zimenezi, Ilham wamvanso. Amene sanamve ndi amuna anga, Che Hamad. Atangoona dokotala akukoka katani, anakumbukira mwadzidzidzi kuti sanagule madzi akumwa. Chipezekereni chotupachi mu Juni, mawu akuti bere sanatulukepo pakamwa pawo. Amangoti "vuto lija". Munthu wodula malata tsiku lonse pamsika wa Chelstone, wokhoma mbaula ndi zidebe, zala zonse zipsera, koma apa akuthawa ngati mwana woopa jakisoni.

Ndikuopa. Ndalemba kuti ndisabise.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Kukutentha. Anamwino onse avala kariboni kapinki pachifuwa, ati uno ndi mwezi wokumbukira nthenda yathuyi. Ine sindikufunikira riboni kuti ndiikumbukire.

Pabedi loyandikana nane pali Bana Chiti a ku Kabwata, Mbemba wa ku Luapula, wamkulu kwa ine. Iwo anawachotsa sabata yatha. M'nthiti mwawo mukutuluka kapaipi kopita m'kabotolo, ndipo akamapita kuchimbudzi amakanyamula ngati kachikwama. Ndawafunsa ngati zimapweteka. Sanandinyengerere.

"Chibaba, mwandi, sinizakunamizani. Koma osayembekeza kuti chifike pa mutu. Chikayamba chabe, itanani ba sister. Kulimba mutima kwa upuba, kopusa, kulibe mphoto muno."

Andilangizanso kuti Ilham asoke kapilo kakang'ono koika m'khwapa.

Kenako anandifunsa ngati zili zoona kuti ife Asilamu sitilola kuti chiwalo cha munthu chiwotchedwe. Ndinawauza za alamu anga, mkulu wake wa Che Hamad. Atawadula mwendo chifukwa cha shuga kwathu ku Namwera, achipatala anapereka mwendowo kwa abale. Che Hamad ndiwo anaunyamula panjinga, anaukulunga m'nsalu yoyera, nakauika kumanda tsiku lomwelo. Alamuwo ankaseka, ati mwendo wapita kukawagwirira malo. Chaka chisanathe anautsatira. Bana Chiti anaseka koyambako kokha. Inenso ndadzida chifukwa chofotokoza nkhani imeneyi.

BP yatsikako. Magazi akuti ndi okwanira.

Lachitatu, 11 Okutobala

Wabwera dokotala wogonetsa, wandiyasamulitsa, wafunsa ngati ndili ndi mano oikirira. Ndasayina kuti ndavomera. Dokotala Mutale wajambula muvi ndi cholembera chakuda pamwamba pa bere, kuti mawa asasokoneze mbali. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Ndakasamba nthawi yaitali mpaka wina kugogoda. Ndimaliyang'ana. Si lokongola ayi, lagwa kalekale, koma Ilham ali wakhanda ankakana lamanja n'kumafuna ili lokha. Ndalisambitsa bwinobwino ndi sopo wonunkhira. Sindikudziwa kuti ndimalikonzera ndani.

Madzulo Che Hamad anabwera ndi mpunga wa nkhuku ndi tiyi wa mandimu. Ndinadya pang'ono kuti ndisawakhumudwitse. Ilham atatuluka ndinati, "Bambo a Ilham, mawa likuchoka. Simufuna kulitsanzika?"

Anayang'ana pawindo, n'kuyamba kundiuza kuti zidebe za pulasitiki zawaphera malonda, zinthu zosalimba, ungokhalira kamodzi zang'aluka. Ndinakwiya. Ndinafuna kuwauza za chidebe china, cha mawa, koma ndinati munthu wolephera kutchula bere angamve chiyani? Ndauza Ilham kawiri kuti asachoke pakhomo la fiyeta, kochitira opaleshoni, mpaka atachilandira m'manja mwake.

Mantha anga ndi awa. Kuti sindidzuka. Kuti ndikadzuka adzandiuza kuti nthenda yayenda. Ndi kuti bambo awa sadzandiyang'ananso. Ndagwira tasibihi, mikanda yanga yopempherera, ndikuyenda nayo kuzungulira, ndikafika kumapeto ndikuyambiranso.

Lachinayi, 12 Okutobala, m'mawa

Andiveka chovala chobiriwira chotsegula kumbuyo. Kukhosi kwauma. Bana Chiti andipempherera m'Chibemba, ine ndayankha amina. Machira afika.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ndili moyo.

Kukupweteka ngati andimanga waya wamoto kuchokera pachifuwa mpaka m'khwapa. Jakisoni wa mofini. Ndasanza. Kabotolo kanga kali pambali, muli madzi ofiira.

Mkono wakumanzerewu asayezerepo BP, asabayepo. Sista Lombe walemba pamutu pa bedi.

Che Hamad anabwera, nkhope yowala. Anati, "Zonse ndakonza, mayi a Ilham. Inu gonani." Ndinagona.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndilemba, chifukwa ndikapanda kulemba ndikuwa.

M'mawa unayamba bwino. Anasiya mofini, andipatsa mapilitsi a tiramado ndi panado. Ndinakhala tsonga, ndinamwa phala. Kapilo ka Ilham kakuthandiza. Chodabwitsa n'chakuti nsonga ya bere imene kulibe ikundiyabwa, ndikapita ndi dzanja ndikupeza bandeji.

Dokotala Mutale anadutsa, anaona kabotolo, anakhutira. Akutembenuka anafunsa Ilham kuti ku labu anati zotsatira zituluka liti. Ilham anandiyang'ana, kenako anayang'ana dokotala.

"Bucket sibananipase ine, ba doctor. Bananituma kugula mankhwala ku chemist. Pamene ninabwela, Baba banati vonse vili bwino. Nenze kuganiza ati bapeleka."

Sista Lombe anakafunsa ku fiyeta. Wantchito wa kumeneko anati anatuluka nacho chidebe, anaitana abale a Shamsiya, panaimirira bambo wa kapu yoyera. Anamufunsa ngati akudziwa kopita nacho, bamboyo anati akudziwa bwino, anachitapo kale.

Pomwepo ndinakumbukira alamu anga. Ndinakumbukira mwendo.

Ilham anaimba foni, n'kukweza mawu kuti tonse timve. Kumbuyo kunkamveka hamala ikugunda malata.

"Baba, chija chamene banakupasani pa Thursday, munachipeleka kuti?"

"Ndinakaika, mwanawe," anatero Che Hamad, mawu odekha, onyadira. "Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kumanda athu. Tinali ndi Shehe Suleiman. M'nsalu yoyera, mwaulemu wake. Mayi ako asadere nkhawa, palibe chawotchedwa."

"Baba! Mwashika ma-results ya Mama mu manda! Chenze chofunika ku lab!"

Hamala inasiya kulira. Dokotala anatenga foni, anafotokoza pang'onopang'ono kuti madzi a m'chidebemo ndi mankhwala oletsa kuwola, ndipo ngati analitulutsamo, ndi kutentha kuno, palibenso choti angayeze. Anafunsa ngati anatsegula. Foni inaduka, ndipo mpaka pano ndi yozima.

Ndinafunsa dokotala kuti nanga zikatere zitha bwanji. Anakhala pamphepete pa bedi, zimene sanachitepo.

"Tizayenda mu mdima, mami. Sitizaziba ngati tinachosa yonse. Tizakupasani mankhwala yamphamvu monga ni worst, kapena muyafunika kapena simuyafunika."

Ndawaona a mankhwala amphamvuwo akamabwera kudzalandira, mitu yopanda tsitsi, milomo yazilonda. Ndinali wokonzeka kupirira ngati pali chifukwa. Koma kumwa osadziwa, kuchira osadziwa, kudzuka tsiku lililonse n'kumadzipapasa m'khwapa, zimenezo sindingathe.

Loweruka lomwelo, masana

Che Hamad sanabwere pa nthawi yoona odwala. Ilham wapita ku Chelstone kukawafuna, wapeza shedi yotseka, kunyumba kulibe.

Ululu wabwerera wonse. Sista Lombe akuti mantha amakoka minofu, ndizipuma mozama, kulowetsa mpweya ndi mphuno, kutulutsa ndi pakamwa. Ndayesa. Ndikatseka maso ndikuona dzenje. Kwinakwake mu Lusaka muno muli manda, ndipo m'mandamo muli ine. Shehe anaima pamenepo n'kupemphera, dothi linathiridwa, ine ndili pano ndikumwa phala. Alamu anga aja sanathe chaka.

Ndawatukwana Che Hamad mumtima mawu onse amene ndinaphunzira kumsika. Akanakhala pansi Lolemba, kamphindi kochepa chabe, akanamva. Madzi akumwa! Koma ndikawatukwana ndikuwaonanso atanyamula chidebe padzuwa, akuthamangira kuti lisalowe ndisanalemekezedwe. Anachita zimene anaphunzitsidwa. Chinthu chimodzi chokha chimene anaona kuti angandichitire m'matenda onsewa, ndipo ndi chimene chandipha.

Bana Chiti anatsika pabedi lawo ndi kabotolo kawo, nadzakhala pafupi nane, kumandikupiza ndi katoni.

Lamulungu, 15 Okutobala

Swala ndikuswalira chigonere, kugunda khoma ndi manja m'malo modziyeretsa ndi madzi. Lero ndinalibe mawu opempha.

Masana wodi inadzaza. Amayi a kutchalitchi kwa Bana Chiti anabwera atavala yunifolomu, ndi nyimbo zawo ndi mabanzi. Ali pakati poimba, ndinaona Che Hamad pakhomo. Thalauza lofiira ndi dothi mpaka m'mawondo, kapu yopindika, m'manja atakumbatira thumba la ufa lokhala ndi chinthu m'kati. Shehe Suleiman anatsala pakhonde. Nyimbo inazilala yokha.

Anafika pabedi langa, anaika thumbalo pansi mosamala. Sista Lombe anavala magolovesi, anatsitsa thumba, anamasula nsalu yoyera imene tsopano inali yakatondo. M'kati munali chidebe cha pulasitiki, chivundikiro chili chomata ndi tepi monga anachitulutsira ku fiyeta. Anachipendeketsa pang'ono, tonse tinamva madzi akukhuvuka.

"Sichinaseguliwe," anatero Sista Lombe. "Ba tata, mwachita bwino. Ilham azapeleka mailo kuseni, pa Monday." Anachinyamula kupita nacho m'kachipinda kawo.

Mmodzi wa amayi aja anati aleluya. Ine ndinalira, ndipo kulira ndi ulusi pachifuwa kumapweteka kuposa kutsokomola.

Anthu atachepa, Che Hamad anakhala pampando nandiuza. Dzulo lonse anali kwa akuluakulu oyang'anira manda. Poyamba anakana, ati choikidwa sichifukulidwa. Shehe Suleiman ndiye anawalimbira, kuti mwini wake ali moyo, ndipo moyo wake uli m'dzenjemo. Analola m'mawa uno. Che Hamad anakumba okha, ndipo atayandikira anataya khasu n'kumafukula ndi manja kuopa kuswa. M'minibasi kondakitala anafuna kuliponya kumbuyo thumbalo, iwo anakana, analifukata pamiyendo kuchokera kumanda mpaka kuno.

"Nanga foni munazimiranji?" ndinafunsa.

"Sindinkadziwa ngati chalimba. Dothi ndinalipondaponda ndekha. Ndikanakuuzani kuti chilipo, kenako n'kuchipeza chosweka?" Anapukusa mutu. "Pulasitiki uja ndi wabwino ndithu."

Pa zaka zonse zimene ndakhala nawo, aka n'koyamba kumva akuyamikira pulasitiki. Koma funso langa lenileni linali lisanafike.

"Mwendo wa akulu anu munaukulunga wokha m'nsalu. Ili bwanji munaika ndi chidebe chomwe?"

Anayang'ana zikhadabo zawo zodzaza dothi.

"Shehe anandiuza kuti nditulutse ndikulunge. Ndinagwira chivundikiro, manja anakana. Anandikalipira, koma ndinalephera. Sindikanatha kukuonani muli m'chidebe, mayi a Ilham."

Mantha awo omwewo amene akhala akundilasa kuyambira mu Juni, amene amawatumiza kukagula madzi, ndiwo asunga yankho langa. Sindikudziwa ngati ndithokoze kapena ndiwagende ndi kapu ya tiyi. Ndinawauza kuti akasambe m'manja adye mabanzi a Bana Chiti.

Lolemba, 16 Okutobala

Ku labu alandira. Dokotala Mutale akuti popeza linakhala m'mankhwala, zambiri adzatha kuziona, ngakhale pakatikati mwina pawonongeka ndi kutentha. Zotsatira pakapita milungu iwiri kapena itatu. Anaseka pang'ono, ati pa ntchito yake yonse sanalandirepo chinthu chobwerera kumanda.

Madzi a m'kabotolo achepa, asanduka achikasu. Wabwera mtsikana wophunzitsa mafizo, akuti ndiziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba kuti phewa lisaume. Ndafika pofanana ndi mphuno, misozi ili chuchuchu. Bana Chiti amafika pamwamba pa mutu ndipo akundinyoza, ati Mmalawi waulesi.

Bana Chiti atuluka mawa. Zotsatira zawo zinabwera, nthenda inafika m'khwapa, ayamba mankhwala amphamvu mwezi wamawa. Anandiuza akupinda zitenje, ngati nkhani ya mtengo wa tomato. Usana wonse ndakhala ndikuganiza kuti mwina yankho limene ndalilirira chonchi lidzakhala lomwelo. Mantha sanathe ayi. Angosintha pokhala.

Lachitatu, 18 Okutobala

Bedi la Bana Chiti alowapo kale wina, mtsikana wosalankhula, mayi ake akumuitana Chloe. Ndamuuza za kapilo ndi zoitana sista ululu usanakwere.

Akuti ndituluka lero akachotsa kapaipi ndi kusintha bandeji. Pali chimene sindinalembe m'kope muno: chilondachi inenso sindinachione. Akamatsuka ndimatembenukira kukhoma n'kumawerenga ming'alu.

Che Hamad anafika molawirira ndi chikwama chonditengera. Sista Lombe atabwera ndi kathebulo kake n'kuyamba kukoka katani, ndinawaona akudzuka, dzanja likupita m'thumba.

"Ndikagule madzi," anatero.

"Madzi alipo, Che Hamad, botolo ndi ilo lodzaza. Munandiika m'manda osandiona, munandifukula osandiona. Khalani pansi."

Anakhala. Sista anati ndipume mozama, anakoka kapaipi, ndinamva ngati chingwe chikusololoka pansi pa khungu, ndinakuwa kamodzi. Kenako anayamba kumatula bandeji. Ine sindinayang'ane kukhoma. Ndinayang'ana nkhope ya amuna anga, kudikira kuti maso awo athawire pawindo.

Anagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu mpaka bedi kugwedezeka. Koma maso sanachoke. Anayang'ana kuyambira pakati pa chifuwa, pang'onopang'ono, mpaka m'khwapa, monga amachitira akamaona msoko wa chidebe ngati ungadonthe.

"Asoka bwino," anatero, mawu osasa. "Mzere wake ndi wowongoka. Pamene panali bere, mayi a Ilham, pauma bwino."

Analitchula. Sista Lombe ananamizira kufuna thonje.

Za ku labu sindikuzidziwa, ndipo milungu ikubwerayi ndidzaiyenda ndi tasibihi m'manja. Koma apo, katani ali chitsekere, dzanja lawo lokhakhala litagwira phazi langa, ndinatsitsa chibwano n'kuyang'ana nanenso.